Kuyezetsa masiki ku Nelson Labs: zomwe lipoti la BFE limanena ndi zomwe silinena

Pabokosi la mamasiki a kuchipatala mumapeza zilembo zitatu, BFE (Bacterial Filtration Efficiency, kutanthauza kuchuluka kwa mabakiteriya omwe nsalu imagwira), ndi nambala pambali pake: 95, 98, pena 99 peresenti. Nambala imeneyo siyenera kuchokera m'mutu mwa wopanga. Imachokera ku labu yomwe inapopera mabakiteriya amoyo pansalu ya masikiyo n'kuwerenga omwe adutsa. Malabu ogwira ntchitoyi alipo angapo, monga SGS, Intertek ndi Eurofins, koma dzina lomwe limaoneka kawirikawiri pamalipoti omwe ogulitsa amaphatika kuzikalata za tenda ndi la Nelson Labs ya ku Salt Lake City, m'chigawo cha Utah ku America. Labuyi inayamba mu 1985 ndipo pano ili pansi pa kampani ya Sotera Health.

Tinene poyambirira pomwe. Ntchito yawo ya BFE ndi yodalirika, ndipo lipoti lawo ndi limodzi mwa malipoti osavuta kuwerenga. Koma lipotilo limakamba za tizidutswa tisanu ta nsalu tomwe tinafika pa labu tsiku lina lake. Silikamba za masiki ili pankhope pa namwino, ndiponso silikamba za makatoni omwe atsitsidwa pa sitolo yanu mwezi uno. Wogula amene sakudziwa zimenezi amalipira ndalama zambiri n'kutenga pepala lomwe amalikhulupirira mopitirira muyezo.

Njira yoyezera ndi ya muyezo wa ku America wa ASTM F2101, yomwe imafanana kwambiri ndi yomwe ili mu Annex B ya muyezo wa ku Ulaya, EN 14683. Mabakiteriya ake ndi Staphylococcus aureus, mtundu wolembedwa ATCC 6538. Amawameretsa mu tryptic soy broth, msuzi wodyetsera mabakiteriya, kwa maola 24 pa madigiri 37, kenako n'kuwasungunula m'madzi a peptone mpaka afike pafupifupi 500,000 pa mililita imodzi. Pa nthawi yomweyo nsalu zoyezedwa zimakhala zikukonzedwa: chidutswa chilichonse chisachepere masentimita 10 m'litali ndi m'lifupi, chikhale ndi zigawo zonse za masiki monga mmene zinasanjidwira, ndipo chigone maola osachepera 4 pamalo a madigiri 21 ndi chinyezi cha 85 peresenti. Chinyezicho n'chadala. Mpweya wotuluka m'kamwa ndi wonyowa, ndiye sefa youma ngati yochokera m'paketi ingapereke nambala yokoma kuposa mmene ilili ikavalidwa.

Makina ake si ochititsa kaso. Pali pampu yotumiza madzi a mabakiteriya pang'onopang'ono ku nebulizer (kachipangizo kosandutsa madzi kukhala nkhungu), chubu chagalasi chotalika masentimita 60 ndi 8 m'mimba mwake momwe nkhungu ya timadontho imatsikira, malo omangirira nsalu, ndipo pansi pake pali Andersen sampler ya masitepe 6. Pampu ina imakoka mpweya malita 28.3 pamphindi kudutsa m'zonsezi. Mabakiteriya amapoperedwa kwa mphindi imodzi, mpweya n'kupitirira kukokedwa mphindi inanso kuti chubu chitsukike. Kuyeza chidutswa chimodzi kwatha m'mphindi ziwiri. Chotsala ndi kudikira.

Mtima wa ntchito yonse ndi Andersen sampler ija, chida chomwe Ariel Andersen anachifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Dugway, ku Utah komweko. Sitepe iliyonse ndi chitsulo chokhala ndi timabowo 400, ndipo pansi pake pamakhala kambale ka agar, chakudya choundana chomwe mabakiteriya amamerapo. Timabowo timanka ticheperachepera potsika, choncho mpweya umanka uthamangirathamangira. Timadontho tikuluikulu timalephera kukhota ndi mpweya ndipo timagwera pakambale ka pamwamba, ting'onoting'ono timapitirira mpaka titakafika pomwe liwiro latikwanira. Malire a masitepewo ndi ma micron 7.0, 4.7, 3.3, 2.1, 1.1 ndi 0.65. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Pakuwerenga timbale tonse tisanu ndi kamodzi, labu imadziwa kuchuluka kwa zomwe zadutsa komanso kukula kwa timadontho tomwe inapopera. Lamulo ndi loti kukula kwapakati kukhale ma micron 3.0, kusiyana kusapitirire 0.3 mbali iliyonse.

Asanaike nsalu amayamba ayendetsa makina opanda chotchinga, ndipo amabwerezanso akamaliza zidutswa zonse. Maulendo awiriwa ndiwo positive control, ndipo avareji yake iyenera kukhala pakati pa 1,700 ndi 3,000 CFU, kutanthauza timagulu ta mabakiteriya tomwe tamera. Pamakhalanso negative control, mpweya wokha wopanda mabakiteriya kwa mphindi ziwiri, pofuna kuonetsa kuti chubu sichinasunge zotsalira. Timbale timalowa mu incubator pa madigiri 37 kwa maola pafupifupi 48 malinga ndi ASTM. EN 14683 ya 2019 imalola maola 20 mpaka 52. Mukaphatikiza tsiku lomeretsa, maola okonzera nsalu ndi masiku awiri odikira, muona kuti labu yochita bwino singatulutse yankho m'tsiku limodzi kapena awiri. Lipoti lomwe tsiku lolandirira nsalu ndi tsiku lomalizira ndi lomwelo, musalilandire.

Masamu ake ndi a pulayimale. Chotsani zomwe zadutsa pansalu ku avareji ya control, gawani ndi avareji yomweyo, chulukitsani ndi 100. Ngati control yapereka 2,000 ndipo pansalu padutsa 30, BFE ndi 98.5 peresenti. Pakadutsa kamodzi kapena pasadutse kalikonse, lipoti limangolemba kuti kuposa 99.9, chifukwa njirayi singaone kupitirira pamenepo. Wogulitsa wolemba 99.99 pabokosi atauzidwa ndi mayeso wamba a BFE wawonjezera yekha.

Pali kanthu kena kam'kati komwe kamasiyanitsa labu yodziwa ndi yongogula makina. Timadontho tiwiri tingathe kudutsa pabowo limodzi n'kugwera pamalo amodzi, ndiye timamera ngati kagulu kamodzi. Pachifukwa ichi nambala yowerengedwa ndi maso imakonzedwa ndi tebulo la positive hole lomwe Andersen anapanga. Mabowo 200 okhala ndi timagulu amaimira pafupifupi 277, ndipo 300 amaimira pafupifupi 555. Labu ikaiwala kukonzaku, control imaoneka yochepa kuposa mmene inalili ndipo BFE imatsika popanda chifukwa. Zina zomwe zimasokoneza ndi izi: agar wochuluka kapena wochepa m'kambale amasintha mtunda pakati pa bowo ndi pogwera (Andersen anaika mamililita 27 pa timbale tagalasi), timbale tonyowa timachititsa timagulu kulumikizana, timabowo totsekeka pa sitepe 5 ndi 6 timasintha liwiro, ndipo nebulizer yosakhazikika imatulutsa timadontho tokula kuposa 3.3, zomwe zimakometsera nsalu iliyonse. Chidutswa chomangidwa mopinda, mikwingwirima ya masiki isanatambasulidwe, chimasiya mpata m'mbali kapena kuwirikiza sefa pamalo ena.

Apa ndi pomwe lipoti la Nelson limakhalira bwino. Patsamba limodzi kapena awiri mumapeza mbali ya masiki yomwe inayang'ana mabakiteriya, kukula kwa malo oyezedwa (nthawi zambiri pafupifupi masikweya sentimita 40), liwiro la mpweya, mmene nsalu inakonzedwera, avareji ya positive control, zotsatira za negative control, kukula kwapakati kwa timadontho, ndi nambala ya chidutswa chilichonse payokha. Munthu wodziwa angathe kuona m'mphindi imodzi ngati mayesowo anali ovomerezeka. Malipoti ambiri a malabu osadziwika amangopereka avareji imodzi ndi mawu oti yapambana, popanda control. Pepala lotere silikuuzani kanthu.

Mukamawerenga, yang'anani chidutswa chomwe chatsika kwambiri, osati avareji. Ndiponso musasangalale ndi nambala yomwe yangokhala pamalire. Pa control ya 2,000, malire a 98 peresenti ndi timagulu 40. Kuwerenga zamoyo kumasinthasintha mwachibadwa, ndipo pa nambala ngati 40 kusintha kwa 6 kukwera kapena kutsika n'kwachizolowezi. Ndiye nsalu imodzimodziyo ingapereke 98.3 lero ndi 97.7 sabata yamawa popanda wina kulakwitsa. Wopanga amene akufuna Type II ya EN 14683, yomwe malire ake ndi 98, afunefune meltblown (nsalu yosefa ya pakati pa masiki) yopereka 99 kupita m'mwamba nthawi zonse, asamadalire 98.1.

Miyezo yake ili motere. Mu EN 14683 ya 2019, Type I imafuna BFE yosachepera 95, pomwe Type II ndi Type IIR zimafuna 98. Type I ndi ya odwala ndi anthu wamba pochepetsa kufala kwa matenda, si ya ogwira ntchito kufiyeta. Mu ASTM F2100, Level 1 ndi 95, Level 2 ndi 3 ndi 98. Koma BFE payokha sipereka dzina lililonse mwa amenewa. Type IIR imafunanso kuti magazi ochita kupanga asadutse akapoperedwa ndi mphamvu ya 16.0 kPa, ndipo mitundu yonse itatu isakhale ndi tizilombo toposa 30 CFU pa galamu imodzi. ASTM imafuna magazi opanga pa 80, 120 kapena 160 mmHg, mayeso a moto, ndi PFE, mayeso a kusefa tinthu ting'onoting'ono tosakwana micron imodzi. Wogulitsa akakupatsani lipoti la BFE lokha n'kunena kuti katundu wake ndi IIR, wakupatsani gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu.

Chomwe timalimbikitsa aliyense ndi kulipirira Delta P pamodzi ndi BFE, ndipo Nelson imagulitsa ziwirizi pamodzi palipoti limodzi. Delta P imayeza kuvuta kwa kupuma: mpweya malita 8 pamphindi kudutsa pamalo a masikweya sentimita 4.9. Kupeza BFE yapamwamba si kovuta ngati simusamala za kupuma, mungathe kungounjika nsalu. Koma masiki yothina mpweya imaukankhira m'mbali mwa masaya ndi pamwamba pa mphuno, komwe kulibe sefa, ndipo wovalayo amaitsitsira kuchibwano pakangopita kanthawi. Samalaninso ndi mayunitsi. EN imafuna kuchepera 40 Pa pa sikweya sentimita kwa Type I ndi II, ndi kuchepera 60 kwa IIR. ASTM F2100 ya 2019 imagwiritsa ntchito mamilimita a madzi, kuchepera 5.0 kwa Level 1 ndi 6.0 kwa Level 2 ndi 3. Milimita imodzi ya madzi ndi pafupifupi 9.8 Pa. Masiki yopereka 4.5 yadutsa ku America, koma ndi 44 Pa, ndiye yalephera Type II ku Ulaya. Ambiri amagwa apa.

Tsopano malire a mayesowa, omwe si vuto la Nelson koma la njira yeniyeniyo. Choyamba, nsalu imamangidwa mothina m'mbali zonse kuti mpweya wonse udutse pakati. Pankhope sizikhala choncho. Zili ngati kudula kachidutswa ka neti ya udzudzu n'kutsimikiza kuti timabowo take ndi tating'ono mokwanira: ndi zoona, koma sizikuuzani ngati netiyo yapisidwa pansi pa mphasa. ASTM F2101 yomwe imanena poyera kuti siyeza mmene masiki imakhalira pankhope.

Chachiwiri, ma micron 3 ndi kadontho kakakulu kwa sefa ya meltblown. Pakukula kumeneku timadontho tambiri timangowombana ndi ulusi chifukwa cha kulemera kwake. Tinthu tovuta kugwira ndi ta pakati pa ma micron 0.1 ndi 0.3, ndipo kugwidwa kwake kumadalira mphamvu ya magetsi yomwe imaikidwa mu meltblown kufakitale. Mphamvu imeneyi imafooka ndi kutentha, chinyezi ndi nthawi, ndipo imatheratu masiki ikapoperedwa spiriti kapena sanitizer. Nsalu yomwe magetsi ake afooka ingathe kusungabe BFE yooneka bwino pomwe PFE yagwa kwambiri. Ngati katundu wanu adzakhala miyezi m'nyumba yosungiramo ya malata ku Salima kapena Nsanje, BFE si mayeso omwe adzakuchenjezeni msanga. Funsani PFE, ndipo funsani ngati wopanga anayezetsa mamasiki okalamba kufika pa tsiku lomwe walemba kuti atha ntchito.

Apa pakutuluka mfundo yomwe imasokoneza ogula a m'zipatala. BFE ya 99 siposa N95. N95 imayezedwa ndi NIOSH, bungwe la boma la America loona za chitetezo cha ogwira ntchito, pogwiritsa ntchito tinthu ta mchere ta pafupifupi 0.3 micron pa malita 85 pamphindi, ndipo inapangidwa kuti imatirire kunkhope. FFP2 ya ku Ulaya ndi 94 peresenti pansi pa EN 149. Manambala awa sayerekezeka ndi BFE ngakhale onse ali m'maperesenti. Mu wodi ya TB, masiki ya BFE ndi ya wodwala amene akutsokomola, pomwe namwino ndi dokotala amafunika respirator, masiki yomatirira kunkhope ngati N95 kapena FFP2. Ichi n'chifukwa chake EN 14683 imati, ngati simunanene zina, mbali ya m'kati ya masiki ndiyo iyang'ane mabakiteriya. Funso la mayesowa ndi loti kodi zochokera m'kamwa mwa wovala zikutuluka kapena ayi.

Nelson imagulitsanso VFE, mayeso a kusefa mavayirasi, yomwe m'malo mwa Staphylococcus imagwiritsa ntchito phiX174, kavayirasi kogwira mabakiteriya ka pafupifupi ma nanometer 27 (0.027 micron). Dzina lake limakopa, ndipo mu 2020 ogulitsa ankalikonda kwambiri. Koma kavayirasiko sikauluka kokha, kamakwera m'timadontho tomwe tija ta ma micron 3. Chomwe sefa ikugwira ndi kadontho, osati kavayirasi, ndiye zotsatira zimatuluka pafupifupi zofanana ndi za BFE. EN 14683 ndi ASTM F2100 sizifuna VFE. Pokhapokha kasitomala wanu ataumirira, ndalama imeneyo ipite ku PFE kapena ku kuyezetsa loti yachiwiri, gulu lina la katundu wopangidwa pamodzi.

Nkhani ya mapepala ndiyo yaikulu kwa ogula, kaya ndi ofesi ya zogula pa chipatala cha mishoni kapena komiti younika tenda ya boma. Nelson siipereka satifiketi ya katundu. Imayeza zomwe yatumiziridwa n'kulemba zomwe yapeza, ndipo lipoti lenilenilo limanena kuti zotsatira zikukhudza zinthu zomwe zinalandiridwa zokha. Dzina la katundu lomwe lili pamwamba ndi lomwe wotumiza analemba pa fomu. Labu siipita kufakitale kukatola yokha. Choncho mawu oti masiki ndi yovomerezedwa ndi Nelson alibe tanthauzo, ndipo lipoti la BFE si chilolezo cha FDA, bungwe la boma la America, kapena chizindikiro cha CE cha ku Ulaya. M'nthawi ya Covid-19 meltblown inasowa ndipo inakwera mtengo kwambiri, opanga ambiri anasintha komwe amaigula koma anapitiriza kugwiritsa ntchito lipoti lakale. Panalinso malipoti osinthidwa pakompyuta, dzina la kampani ina litafufutidwa n'kuikapo lina.

Podziteteza, yang'anani zinthu izi pamodzi. Dzina la sponsor (yemwe anatumiza zoyezedwa) palipoti ligwirizane ndi la wopanga pabokosi, osati la wogulitsa wapakati. Nambala ya loti kapena ya mtundu wa katundu igwirizane. Tsiku la lipoti lisatalikirane kwambiri ndi tsiku lopangira. Masamba akhale onse, chifukwa pansi pamalembedwa kuti tsamba 1 mwa 2. Kenako lemberani ku labu mwachindunji ndi nambala ya study kuti atsimikize kuti lipotilo ndi lawo, pogwiritsa ntchito adiresi yomwe mwaipeza nokha pa webusaiti yawo, osati yomwe wogulitsa wakupatsani. Kwa labu ina iliyonse, satifiketi ya ISO/IEC 17025, yovomereza malabu, siyokwanira payokha. Tsegulani scope yake, mndandanda wa mayeso omwe labuyo yavomerezedwa kuchita, muone ngati ASTM F2101 kapena EN 14683 yalembedwamo, poti labu ingakhale yovomerezeka pa kuyeza madzi kapena zakudya koma osati mamasiki.

Mbali yofooka ya ntchito ya Nelson kwa wopanga wa kuno ndi mtunda ndi ndalama. Malipiro ndi m'madola, katundu amayenda ndi courier kupita ku Utah, ndipo masiku a paulendo ndi a pamzere amaposa kutali masiku atatu kapena anayi a mayeso enieniwo. Kufulumizitsa kumalipiridwa padera, GLP (kuyeza motsata malamulo okhwima a kayendetsedwe ka labu) nayonso padera, ndipo GLP ndi yofunika pokhapokha ngati bungwe lomwe mukukalembetsako katundu laifuna. Ngati cholinga ndi kusankha pakati pa meltblown zitatu musanagule matani, kutumiza zonse ku BFE n'kuwononga. Makina oyezera ndi tinthu ta mchere, monga TSI 8130, amapereka yankho pompopompo ndipo amasiyanitsa nsalu bwino kuposa BFE. Sankhani kaye ndi amenewo, kenako tumizani masiki yomalizidwa kuti mupeze lipoti lomwe ogula amafuna.

Matelala osoka mamasiki a chitenje sakufunika mayesowa. Anapangidwira mamasiki a kuchipatala ovala kamodzi, ndipo nambala ya BFE ya nsalu yatsopano siinena kanthu za nsalu yomwe yachapidwa kakhumi. Za mamasiki wamba pali muyezo wina, ASTM F3502 wa 2021, womwe umayeza ndi tinthu ta mchere ndipo uli ndi malire a 20 ndi 50 peresenti.

Mukaganiza zotumiza, tengani mamasiki pamzere wopangira monga mmene akutulukira, koyambirira, pakati ndi kumapeto kwa loti, osati osankhidwa ndi maso. Asanu ndi nambala yochepetsetsa chabe, ndipo EN 14683 imati iwonjezedwe ngati pakufunika kufikira AQL (malire a zolakwika zololedwa mu loti) ya 4 peresenti. Mayeso a magazi opanga okha amafuna mamasiki 32, omwe 29 ayenera kudutsa, ndiye werengerani zonse pamodzi muikeponso apadera obwerezera. Atsekeni m'thumba la pulasitiki louma, musawapinde pakati, musabaye stepula pansalu, ndipo musalembe ndi maka pamalo oyezedwa poti inki yake ili ndi spiriti. Pa fomu lembani dzina la katundu ndi nambala ya loti ndendende monga mmene zidzaonekere pabokosi, tchulani mbali yoyang'ana mabakiteriya, ndipo tchulani muyezo womwe mukufuna ndi chaka chake. Ngati masiki ili ndi malo osiyana makulidwe, kapena mukupanga yamitundu iwiri ya utoto kuchokera ku spunbond (nsalu ya kunja) yosiyana, mtundu uliwonse utumizidwe paokha. Tsiku lomwe mwasintha wokugulitsani meltblown, kapena mwatsitsa kulemera kwake kuchoka pa magalamu 25 pa sikweya mita kufika pa 20, lipoti lakale latha ntchito ndipo muyenera kutumizanso.